Pikapu yatsopano ikavuta, wogula ndiye asankhe

Munthu amene wagula pikapu yatsopano n'kupeza kuti inabwera ndi chilema kuchokera kufakitale amafika poloweza mawu a pa kauntala ya ku galaja. Ulendo woyamba amamuuza kuti, "Bwana, isiyeni tiyione." Wachiwiri, "Taiika pa kompyuta koma sikuonetsa vuto." Kenako, "Sipeya taitanitsa, tikungodikira ifike." Zikapitirira, chala chimatembenukira kwa mwini galimoto: "Kodi dizilo mumathira kuti? Simukuilemetsa katundu?" Tsiku limene watopa n'kunena kuti tengani galimoto yanu mundipatse ina, amayankhidwa mwaulemu kuti waranti imalola kukonza basi, ndipo za kusintha galimoto yonse iwo sangagamule mpaka alembere eni ake kunja.

Yankho limenelo ine ndimalikana, ndipo ndikufuna tizilikana tonse. Amene wapereka mtengo wa galimoto yatsopano ayenera kulandira galimoto yoyenda. Kampani ipatsidwe mpata wokonza, inde, poti chopangidwa ndi manja a anthu chimalakwika. Koma mpatawo ukhale ndi malire owerengeka, ndipo malirewo akadutsa, mphamvu yosankha ichoke kwa kampani ipite kwa wogula. Iye ndiye anene ngati akufuna galimoto ina kapena ndalama zake.

Kabuku ka waranti kaja, kamene kamakhala m'kabati ya kutsogolo limodzi ndi buku la sevisi, kanalembedwa ndi maloya a kampani yopanga galimotoyo. Kawirikawiri kamalonjeza zaka 3 kapena makilomita 100,000, ena amafika zaka 5, ndipo lonjezo lake ndi loti chipangizo chikaonongeka chifukwa cha kapangidwe adzachikonza kapena kuika china osalipiritsa. N'zabwino ndithu. Koma sikanena kuti adzakonza kangati asanavomereze kuti zawakanika, sikanenanso kuti galimoto ingagone pa galaja masiku angati. Choipitsitsa n'chakuti wogamula ngati vutolo ndi la kufakitale kapena la woyendetsa ndi kampani yomweyo imene ingalipire likapezeka kuti ndi lake. Woimbidwa mlandu ndi yemweyo wakhala pa mpando wa nyakwawa.

Pa galimoto yongopitira kutchalitchi, kudikira kumangopweteketsa mutu. Pikapu ndi nkhani ina, chifukwa anthu amaigulira ntchito. Imanyamula mabelo a fodya kupita ku Kanengo kapena Chinkhoma, feteleza kupita kumunda, simenti kupita kumene akumanga, ogwira ntchito zaumoyo kupita kumidzi ya kutali ndi tala. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo pikapu ili pa galaja, mwini wake amabwereka galimoto ya wina pa mtengo wa nyengoyo, uku banki ikudula ngongole mwezi ndi mwezi, inshulansi ikuyenda, masiku a waranti nawo akutha. Sipeya yaulere yobwera mu Julayi sibweza chilichonse mwa zimenezi.

Amene amaganiza kuti zotere zimachitikira magalimoto osadziwika okha aone zimene zinachitika ku Australia ndi Toyota Hilux, pikapu imene dziko lonse limaitama kuti siifa. Magalimoto a dizilo ogulitsidwa kumeneko amakhala ndi sefa ina m'paipi ya utsi, yotchedwa DPF, imene imagwira mwaye kuti usatuluke kunja. Sefayo ikadzaza, galimoto imayenera kutenthetsa utsi wake kwambiri kuti mwayewo upse. M'magalimoto a Hilux, Prado ndi Fortuner oposa 260,000 amene anagulitsidwa m'dzikomo kuyambira Okotobala 2015 mpaka Epulo 2020, dongosolo limeneli linali ndi chilema. Sefa inkatsekeka, galimoto inkatulutsa utsi woyera wonunkha, inkamwa mafuta ambiri, ndipo eni ake ankabwererabwerera ku galaja. Njira yokonzera imene inagwiradi ntchito inapezeka mu 2020, patapita zaka pafupifupi 5 chiyambireni kugulitsa magalimotowo.

Eni magalimoto anasumira limodzi mu 2019. Mu Epulo 2022 woweruza Michael Lee wa ku Federal Court anagamula kuti magalimotowo sanafike pa muyezo woyenera ndiponso kuti malonda ake anasocheretsa ogula. Anati chilemacho chinatsitsa mtengo weniweni wa galimoto iliyonse ndi 17.5 peresenti. Kampani inachita apilo, ndipo mu 2023 chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa 10 peresenti. Nkhani ya kawerengedwe ka chipepesocho inakafika mpaka ku khoti lalikulu koposa la dzikolo mu 2024.

Taonani bwino zimene zili m'nkhaniyi. Ili ndi dziko la malamulo olimba oteteza ogula, maloya amphamvu, anthu zikwizikwi oimirira pamodzi. Komabe amene anagula Hilux yake mu 2016 anadikira zaka 6 kuti amve chigamulo choyamba, ndipo chimene ankalimbirana pamenepo sichinalinso galimoto ina, chinali kagawo ka mtengo. Ngati zinatero kwa anthu amenewo, nanga mlimi mmodzi kapena kontilakitala mmodzi amene ali yekha pamaso pa kampani? Khoti ndi lofunika, koma limafika mochedwa kwambiri pa chinthu chimene chimakalamba tsiku lililonse. N'chifukwa chake ufulu wosinthitsa galimoto uyenera kulembedwa momveka kotero kuti manijala wa pa galaja auone yekha n'kudziwa kuti kukana n'kutaya nthawi.

Ku Australia komweko kunachitika mlandu wina umene umaonetsa kuti mawu aja a pa kauntala si ongochitika mwangozi. Bungwe loteteza ogula la ACCC linasumira kampani ya Mazda chifukwa cha mmene inachitira ndi anthu 9 amene magalimoto awo atsopano ankavuta mobwerezabwereza, ena mpaka kusinthidwa injini kangapo. Anthuwa atapempha galimoto ina kapena ndalama zawo, ankauzidwa kuti chimene angalandire ndi kukonza kokha, kapena ankapatsidwa mwayi wa galimoto ina pokhapokha awonjezere ndalama zawo. Khoti linapeza mu 2021 kuti mawu amenewo anali osocheretsa, chifukwa lamulo la dzikolo limapatsa wogula ufulu wosankha pamene vuto ndi lalikulu. Mu 2024 kampaniyo inalamulidwa kulipira madola a ku Australia 11.5 miliyoni. Kumeneko kuuza munthu kuti "waranti imalola kukonza basi" pamene lamulo likumupatsa zoposa apo ndi mlandu paokha.

Malire owerengeka amene ndikunena si maloto anga. Ku America, boma la Connecticut linakhazikitsa lamulo loyamba la mtunduwu mu 1982, ndipo maboma ena anatsatira. La ku California ndi limene limandisangalatsa chifukwa cha kulunjika kwake. M'miyezi 18 yoyamba, kapena galimoto isanayende mamailosi 18,000, vuto lalikulu limodzimodzi likakonzedwa ka 4 osatheka, lamulo limatenga kuti kampani yapatsidwa mpata wokwanira. Likakhala vuto loti lingaphe kapena kuvulaza munthu, maulendo 2 akwana. Galimoto ikagona pa galaja masiku oposa 30 onse pamodzi, n'chimodzimodzi. Apo kampani yopanga iyenera kupereka galimoto ina kapena kubweza ndalama, kuchotsapo pang'ono pa mtunda umene wogula anayenda vuto lisanayambe. Wogula akapambana kukhoti, kampani ndiyo imalipira loya wake. Ndipo galimoto yobwezedwayo imalembedwa chizindikiro pa zikalata zake, kuti asangoitsuka n'kuigulitsa kwa wina wosadziwa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa ife amene magalimoto otayidwa kwina amathera m'misewu yathu.

Pafupi ndi kwathu, South Africa ili ndi Consumer Protection Act ya 2008, imene inayamba kugwira ntchito mu 2011. Gawo 56 la lamuloli limati m'miyezi 6 chilandirireni katundu, akapezeka ndi chilema, wogula angathe kumubweza, ndipo ndi wogulayo amene amasankha pakati pa kukonza, kusintha ndi kubwezeredwa ndalama. Akasankha kukonza, vutolo n'kubwereranso m'miyezi 3, wogulitsa ayenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Udindowo uli pa onse, wopanga, woitanitsa ndi wogulitsa, kotero palibe wothawira kumbuyo kwa mnzake. Palinso ofesi ya Motor Industry Ombudsman imene imamva madandaulo a magalimoto. Abale athu amene ali ku Joni ndi ku Cape Town n'kugula bakkie yatsopano adziwe zimenezi, ndipo adziwenso msampha wake: lamuloli siliteteza kampani imene katundu wake kapena ndalama zolowa pa chaka zimafika R2 miliyoni. Kulembetsa pikapu m'dzina la kampani yaikulu kumachotsa chitetezo chimenechi.

Lamulo la ku South Africa likutikhudza pa chifukwa china. Mapikapu ambiri atsopano a m'chigawo chino amapangidwa komweko. Hilux imachokera ku Prospecton ku Durban, Ford Ranger ku Silverton ku Pretoria, Isuzu D-Max ku Gqeberha. Mapikapu awiri angatuluke pa chipata chimodzi cha fakitale tsiku limodzi, ina n'kupita kwa mlimi wa ku Limpopo, ina n'kukwera lole kudutsa pa Mwanza kupita kwa mlimi wa ku Kasungu. Zitsulo n'zofanana, chilema chikakhalapo n'chofanana. Palibe chifukwa chomveka choti wa ku Limpopo akhale ndi miyezi 6 yosankha pamene wa ku Kasungu akudalira chifundo cha manijala.

Ogulitsa magalimoto ali ndi zonena zawo, ndipo zina n'zoona. Amati misewu yathu imapha magalimoto, dizilo wa m'zigubu amakhala ndi madzi kapena parafini, anthu amakweza matani awiri pa pikapu ya tani imodzi, ndipo ena amadumpha sevisi n'kukaonetsa galimoto kwa makaniko wa pansi pa mtengo. Ndani angakane? M'nyengo zosowa mafuta anthu ambiri athiradi dizilo wa pa msika wakuda. Koma zonsezi n'zinthu zopimika. Dizilo angatengedwe m'thanki n'kukayezedwa. Masipiling'i olemetsedwa amaoneka. Buku la sevisi lili ndi zidindo kapena lilibe. Kampani imene ikunena kuti wogula ndiye waononga galimoto ya miyezi itatu ibweretse umboni wake, wopimidwa ndi munthu wosadya nawo mbali iliyonse. Ku Britain lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limatero kumene: vuto likaoneka m'miyezi 6 yoyamba limatengedwa kuti linalipo kale pogula, pokhapokha wogulitsa asonyeze kuti si choncho. Ndiponso tisaiwale kuti mapikapuwa amatsatsidwa akukwera mapiri ndi kuwoloka mitsinje. Amene watsatsa choncho asadabwe galimoto ikayenda msewu wa fumbi wa ku Nthalire.

Ena amaopa kuti aliyense womva kaphokoso pa chitseko adzafuna galimoto yatsopano. Malamulo amene alipo sanalole zimenezo. Amanena za vuto lalikulu, lolepheretsa ntchito kapena loika moyo pa chiswe. Mu 2021 khoti la apilo la ku South Africa linakana kubwezera ndalama munthu wina amene anagula Renault Kwid, litapeza kuti zimene ankadandaula sizinafike pa chilema choyenera kubwezera galimoto. Giya bokosi yodumpha pa chitunda, injini yozima yokha pa msewu waukulu, mabuleki osadalirika, zimenezi ndiye nkhani yathu.

Chonena chawo champhamvu ndi cha ndalama zakunja. Wogulitsa wa ku Lilongwe kapena Blantyre angathe kufuna ndi mtima wonse kukonza galimoto mwachangu, koma sipeya imafuna madola kapena marandi amene banki ilibe. Ndikumva, ndipo sindikufuna wogulitsa wa kuno asenze yekha mtolo umenewu. Chilema cha kufakitale ndi ngongole ya fakitale. Sipeya ya pa waranti si malonda oti wina aitanitse ndi ndalama zake, ndi kubweza zimene zinaperewera pa katundu wolipiridwa kale. Kampani yopanga imene ikufuna kugulitsa m'dziko muno isunge zipangizo zofunika m'dziko muno, kapena izitumize pa ndege ndi ndalama zake. Kuthekera ali nako. Mu 2024 Toyota inapeza kuti m'injini za mapikapu a Tundra ndi magalimoto a Lexus LX a 2022 ndi 2023 munatsalira tizidutswa ta zitsulo pozipanga, ndipo inalengeza kuti isintha injini yonse m'magalimoto pafupifupi 102,000 ku America, kwaulere. Inachita bwino. Kumene kuli bungwe la boma loyang'anitsitsa ndi ogula otha kusuma, makampani amapeza njira ngakhale ya injini 102,000.

Nkhani yomweyi ya ndalama zakunja ndi imene imandichititsa kuumirira kuti wosankha akhale wogula, ndiponso kuti kusintha galimoto kukhale pa mndandanda. Ku California kubwezeredwa ndalama n'kokwanira, poti munthu amatuluka pa galaja iyi n'kukagula pa ina mawa lake. Kuno ayi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mitengo ya magalimoto atsopano imatsatira dola. Munthu amene anagula pikapu mu Seputembala 2023, n'kulimbana nayo miyezi ingapo, kenako n'kubwezeredwa makwacha omwe aja anapereka, sakanatha kugulanso pikapu yofanana nayo. Akanatuluka wopanda galimoto, atagwira ndalama zoperewera, pa chilema chimene sanachipange iye. Choncho kwa wogula wa ku Malawi chilungamo ndi galimoto kulowa m'malo mwa galimoto, ya mtundu womwewo ndi mphamvu zomwezo, osawonjezera kalikonse. A MRA nawo akhale ndi njira yoti galimoto yolowa m'malo mwa yobwezedwa isalipiritsidwe msonkho kachiwiri, apo ayi msonkhowo udzakhala chonamizira china chokanira.

Sikuti kuno tilibe pogwira. Sale of Goods Act, lamulo lakale limene tinatengera kwa Angerezi, limafuna kuti katundu wogulitsidwa akhale woyenera ntchito yake. Tili ndi Consumer Protection Act ya 2003. Tili ndi Competition and Fair Trading Commission (CFTC), imene imalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo lake latsopano la 2024 linaipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa makampani olakwa. Bungwe la CAMA lakhala likulankhulira ogula kwa zaka zambiri. Chikusoweka ndi manambala aja: maulendo angati, masiku angati, miyezi ingati. Popanda iwo, dandaulo lililonse limayambira pa kukangana ngati kampani yapatsidwa mpata wokwanira, ndipo pa mkangano wotere wopambana ndi amene angathe kudikira nthawi yaitali.

Kwa inu amene pikapu yanu ikuvuta lero, musadikire aphungu. Akuluakulu amati mlandu suola, koma wa galimoto umaola, chifukwa waranti ndi malamulo zimawerenga masiku. Ulendo uliwonse wa ku galaja mutuluke ndi job card yolembedwa tsiku lolowa, tsiku lotuluka, makilomita, ndi vuto monga mwalinenera inuyo. Onetsetsani kuti vuto limodzi likulembedwa ndi mawu amodzimodzi nthawi zonse, chifukwa likalembedwa lero kuti "phokoso", mawa "kugwedezeka", mkuja "kuona giya", pa pepala zidzaoneka ngati mavuto atatu osiyana amene lililonse linakonzedwa kamodzi. Akanena kuti kompyuta sinapeze kanthu, zimenezonso azilembe. Jambulani pa foni utsi, magetsi a pa dashibodi, phokoso. Sungani malisiti a mafuta a pa filing'i siteshoni. Ngakhale mtima uwawe bwanji, musalole makaniko wakunja atsegule injini, poti mukatero mwawapatsa chifukwa chothetsera waranti. Musasiyenso kulipira ngongole ya ku banki, chifukwa banki si mbali ya mkanganowu ndipo idzalanda galimoto imene ndi umboni wanu.

Vuto likabwerera kachiwiri, lembani kalata. Zokambirana za pa foni ndi mauthenga a pa WhatsApp kwa wogulitsa amene munazolowerana naye sizifika patali. Kalatayo ipite kwa mkulu wa kampani yogulitsa, ina kwa ofesi ya kampani yopanga imene imayang'anira chigawo chino, yokhala ndi nambala ya chasisi, masiku onse amene galimoto yagona pa galaja, ndi chimene mukufuna m'chiganizo chimodzi: galimoto ina yofanana nayo pofika tsiku lakuti. Akakupatsani pepala loti musaine polandira "chithandizo chapadera", liwerengeni mofatsa, chifukwa mapepala otere nthawi zina amakhala ndi mawu oti nkhani yathera pomwepo. Tsiku lija likadutsa, pitani ku CFTC ndi mulu wonse wa mapepala anu.

Koma pali wogula mmodzi amene angasinthe zinthu asanadikire lamulo latsopano, ndiye boma. Anthu wamba ambiri kuno amagula magalimoto akale ochokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam. Mapikapu atsopano amagulidwa kwambiri ndi maunduna, makhonsolo, mabungwe a boma, mabungwe othandiza ndi makampani a minda. Pikapu ya ofesi ya zaumoyo ya boma lina ikagona pa galaja miyezi itatu ili yatsopano, ndalama zake ndi za misonkho yathu, ndipo amene akudikira katemera kumudzi ndi ana athu. Ogula amenewa amagula magalimoto makumi nthawi imodzi, ndipo palibe wogulitsa angafune kuwataya. A PPDA, amene amayang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, aike m'zikalata za ma tenda ogulira magalimoto ndime yoti pikapu ikagona pa galaja masiku oposa 30 m'chaka choyamba chifukwa cha chilema cha kufakitale, kapena vuto lalikulu likabwerera atalikonza katatu, wogulitsa apereke ina, ndipo pa masiku onse odikirawo abwereke ofesiyo galimoto yogwirira ntchito. Wogulitsa wa kuno akasaina ndime yotere adzapita nayo kwa fakitale ya ku Durban kapena Pretoria kuti imuimire kumbuyo, ndipo fakitale ikavomera kwa boma, kudzakhala kovuta kuuza mlimi wa ku Kasungu kuti kwa iye yekha n'zosatheka.